Nambala ya 6.8 idandilanda tulo

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi bayoloje pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Thyolo. Ntchito yanga ndi ya manambala. M'mawa ndimawalemba pabolodi, madzulo ndimawalemba m'makope a ana, ndipo pakutha pa teremu ndimawalemba pamalipoti, ana ena n'kupita kwawo akuseka, ena atazolika. Sindidaganizepo kuti tsiku lina nanenso ndidzaima pakhonde la sitolo ku Limbe, kapepala kali m'manja, maondo akugundana chifukwa cha nambala imodzi. Nambalayo idali 6.8.

Kwa ife aphunzitsi, 6 ndi nambala ya chimwemwe. Mwana akapeza mapointi 6 pamayeso a MSCE, amayi amalulutira mudzi wonse n'kumva. Koma 6.8 yangayi idali ya m'magazi, ndipo pambali pake padali kachizindikiro kosonyeza kuti yapyola mlingo. Ndalemba nkhaniyi poganizira anzanga omwe adalandira chithandizo cha khansa ndipo tsopano amakhala moyo wodikira zotsatira za magazi, komanso abale awo omwe amasowa chonena zotsatirazo zikabwera mwachilendo.

Vuto langa lidayamba mu 2022, ndili ndi zaka 33. Ndidayamba kuona magazi m'chimbudzi, ndipo m'mimba mumati mukatsegula sabata ino, sabata yamawa n'kumanga. Ndidakhala chete miyezi ingapo. Munthu wamkulu, mphunzitsi, ukayambira pati kufotokoza za kuchimbudzi? Nditapita pachipatala china chaching'ono adaganiza kuti ndi kamwazi, n'kundipatsa mapiritsi. Anzanga ena adati ndi nthenda ija amati mudzi, itha yokha. Pomwe ndimaboola kachiwiri lamba wanga kuti thalauzi isagwe, mayi a kunyumba adakana zoti tizingoonerera. Adandiuza mosapsatira kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo adandiperekeza okha kuchipatala cha boma, komwe adatitumiza ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kumeneko adandiunika m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera, napeza chotupa m'matumbo aakulu. Adadulako kanyama n'kukakayeza. Yankho lidabwera loti ndi khansa. Ine ndinkadziwa khansa ya khomo la chiberekero, khansa ya pakhungu ya Kaposi ndi khansa ya kummero, zomwe n'zofala kuno kwathu. Ya m'matumbo ndinkaiyesa nthenda ya azungu okalamba. Ndidadzakumbuka pambuyo pake kuti Chadwick Boseman, mnyamata uja adasewera filimu ya Black Panther, adamwalira ndi nthenda yomweyi mu August 2020 ali ndi zaka 43 zokha.

Opaleshoni idachitika mu April 2023, patangotha masabata ochepa namondwe wa Freddy atasakaza mzinda wa Blantyre ndi maboma ozungulira. Adadula mbali ya matumbo yomwe idali ndi chotupa n'kulumikiza mbali zotsala. Adachotsanso tinthu tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, ndipo mwa ito titatu tidapezeka ndi khansa. Adati nthendayo idali pa siteji 3, choncho ndidafunika mankhwala a kemo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi yonseyo ndinkafikira kwa achemwali anga ku Bangwe. Mankhwalawo adandichititsa dzanzi m'zala moti choko chinkandipulumuka, ndipo madzi ozizira ankandibaya m'manja ngati singano. Mu October chaka chomwecho adokotala adandiuza kuti chithandizo chatha.

Ndidaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Kumudzi adapha nkhuku, kutchalitchi tidapereka chothokoza, kusukulu ana adandiwombera m'manja. Koma adokotala adanenetsa kuti kwa zaka zisanu ndidzakhala ndikubwera kudzaonedwa. Zaka zoyambirira ndiziyezetsa magazi miyezi itatu iliyonse, kamodzi pachaka azindijambula m'mimba ndi m'chifuwa ndi makina a CT, ndipo pakatha chaka chichitireni opaleshoni kamera ija idzalowanso. Chifukwa chake n'chakuti khansa imeneyi ikafuna kubwerera, nthawi zambiri imabwerera m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo imakonda kukatulukira kuchiwindi kapena kumapapo. Munthu akafika zaka zisanu osaonanso kanthu, mwayi woti ibwerenso umakhala utachepa kwambiri.

Chomwe amayeza m'magazimo chimatchedwa CEA. Ndi mtundu wa puloteni yomwe mwana amapanga yambiri m'matumbo mwake akadali m'mimba mwa mayi ake. Akabadwa imatsika, ndipo munthu wamkulu amakhala nayo yochepa chabe. Khansa zina, makamaka ya m'matumbo aakulu, zimayambanso kuipanga yochuluka n'kuitayira m'magazi. Adaitulukira mu 1965 ndi madokotala awiri, Phil Gold ndi Samuel Freedman, mumzinda wa Montreal ku Canada. Malabu ambiri amati munthu wosasuta fodya azikhala nayo yosapyola 3, ndipo wosuta yosapyola 5. Manambalawa ndi a mananogalamu pa mililita imodzi ya magazi, kachinthu kochepetsetsa koti diso silingaone.

Ndisanachitidwe opaleshoni, CEA yanga idali 21. Patatha masabata angapo chotupa chitachotsedwa idatsika kufika pa 2.3. Kuyambira pamenepo ndidasandutsa tsamba lomaliza la kabuku kanga ka kuchipatala kukhala kaundula. Ndinkalemba tsiku ndi nambala: 2.1, 2.4, 2.0, 2.6, 2.2, 2.5. Kwa chaka ndi theka nambalayo idasewera pakati pa 2 ndi 3, ndipo ndidazolowera ulendo wake. Ndinkapempha tsiku kwa ahedi, n'kulawirira minibasi ya ku Limbe, n'kukwera ina yolowera m'tauni, n'kukapereka mkono palabu ina yolipira. Zotsatira zikatuluka ndinkazitengera kwa adokotala. Ndalama yake inkachokera kubanki mkhonde ya mayi a kunyumba, nthawi zina kungongole ya ku Sacco.

Mu June chaka chino zinthu zidayenda mosiyana. Kudali chiperoni cha masiku angapo, ndipo ndidali ndi chifuwa chomwe chidandigwira pafupifupi masabata awiri. Nditafika palabu yanga ya masiku onse adati makina awo awonongeka. Sindikadabwerera chimanjamanja nditawononga kale ndalama yoyendera, choncho ndidafunsira labu ina ku Limbe n'kukayezetsa kumeneko. Zotsatira ndidakazitenga Lachisanu la sabata yotsatira. Ndidatsegula envulopu ndili panjira, monga ndinkachitira nthawi zonse, ndikuyembekezera 2 ndi kadontho kake. M'malo mwake ndidaona 6.8.

Sindikumbuka bwino mmene ndidafikira pakhonde la sitolo ija. Ndikukumbuka kuti oitanira minibasi ankakuwa za Bangwe ndi Chigumula, mayi wina ankandionetsa nthochi, ndipo ine ndinkangowerenga kapepalako mobwerezabwereza ngati nambalayo isintha. Ndidayang'ana dzina kuti mwina andipatsa za munthu wina. Dzina lidali langa. Tsiku loonana ndi adokotala lidali patsogolo ndi masiku khumi.

Masiku khumi amenewo adandivuta kuposa miyezi ya kemo. Pa kemo ndinkadziwa mdani wanga, ndipo tsiku lililonse lidali ndi chochita: diripi, mapiritsi, kusanza, kugona. Apa padalibe chochita koma kuganiza. Usiku woyamba kwa achemwali ku Bangwe ndidagula bandulo n'kuyamba kufufuza pafoni. Ndinkati ndikawerenga za munthu yemwe CEA yake idakwera popanda vuto, mtima pansi. Mphindi zisanu zisanathe ndapeza za wina yemwe adamupeza ndi khansa kuchiwindi. Tambala woyamba adalira foni ili m'manja.

Thupi nalo lidayamba kundinamiza. Kunthiti ya kumanja kudayamba kuwawa, pomwe ndimaphunzitsa ana kuti ndi pamene pali chiwindi. Ndinkadzuka usiku kukadziyang'ana maso pagalasi ngati asanduka achikasu. Chifuwa chija, chomwe poyamba ndinkachiyesa cha chiperoni, tsopano ndinkachimva ngati khansa yafika kumapapo. Ndidayamba kuwerengera zinthu zomwe munthu wa zaka 36 safuna kuwerengera: nyumba yathu yomwe ili pa lintala, mwana wathu woyamba yemwe ali Sitandade 6, wachiwiri yemwe sadayambe n'komwe sukulu, ndi ndalama zomwe boma lingapatse mkazi wamasiye wa mphunzitsi yemwe wagwira ntchito zaka 11 zokha.

Nditabwerera kumudzi ndidabisa kapepalako m'buku la masamu la Fomu 4. Ndidadziuza kuti ndikuteteza mayi a kunyumba, popeza adavutika kale mokwanira. Kwa masiku anayi ndinkapita kusukulu ngati palibe kanthu. Ana a Fomu 4 adali atatsala pang'ono kulemba mayeso a Maneb, ndipo ndinkaima kutsogolo kwawo ndikubwereza nawo mafunso akale, maganizo ali kutali. Tsiku lina ndidasokoneza samu yophweka pabolodi, mtsikana wina n'kundikonza mwaulemu. Kalasi lonse lidaseka, nanenso ndidaseka, koma m'khosi mudali mowuma.

Usiku wa tsiku lachinayi, ana atagona, mayi a kunyumba adakhala pamphasa n'kundiyang'ana.

"Bambo, nsima mukungoitsina masiku anayi tsopano. Zotsatira zija simudandionetse. Zili kuti?"

"Zili bwinobwino, mayi. Ndangotopa ndi za mayesozi."

"Ine ndidagona pansi kuchipatala masabata awiri, ndikukutawasani. Lero mukundiona ngati mwana? Tengani pepalalo."

Ndidalitenga. Adaliyang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa funso lomwe ine, mphunzitsi wa masamu, sindidadzifunse: "Poyamba paja idali 21. Iyi ndi 6. Adokotala anena kuti chiyani?" Nditayankha kuti sindidaonane nawo, adati: "Ndiye mukulira maliro a ndani? Lachiwiri tipitira limodzi." Usiku umenewo ndidagona maola angapo, koyamba chitsegulireni envulopu ija. Nambala idali yomweyo, kusiyana kwake tsopano tinkaidziwa anthu awiri.

Nkhani ikatuluka m'nyumba siichedwa kupeza alangizi. Wina adabwera ndi masamba oti ndiziwiritsa, wina adatchula mneneri wa kutauni, wina adati ndisiye shuga ndi nyama zonse lero lomwe. Onsewa adali ndi mtima wabwino, ndipo mapemphero awo ndidawalandira ndi manja awiri. Koma padalibe mmodzi mwa iwo yemwe akadandiuza chomwe 6.8 ikutanthauza m'thupi langa.

Lachiwiri tidalawirira. Tidatsika pa Ginnery Corner kukali kachisisira, n'kukakhala pabenchi pamodzi ndi anzathu. Nthawi yathu itakwana, adokotala adawerenga kapepalako osasintha nkhope. Kenako adayamba kufunsa. Kodi ndayamba kusuta fodya? Ayi. Kodi ndimamwa mowa? Ndidasiya kalekale. Kodi ndadwalapo posachedwapa? Ndidatchula chifuwa chija. Kodi ndikutsika thupi, kapena ndaonanso magazi m'chimbudzi? Ayi. Adayang'ana pamwamba pa pepalalo n'kufunsa chifukwa chomwe dzina la labu lasinthira. Nditafotokoza, adagwedeza mutu n'kupempha kabuku kanga. Atapeza kaundula wanga wa kutsamba lomaliza adamwetulira.

"Aphunzitsi, mwana yemwe wakhala akukhoza bwino chaka chonse akalakwa mayeso amodzi a pakati pa teremu, mumamuchotsa sukulu?"

"Ayi, adokotala. Timayamba tafufuza chomwe chachitika, kenako timamupatsa mayeso ena."

"Ifenso timatero. Koma sitinyalanyaza."

Adafotokoza kuti CEA ili ngati galu wa pakhomo. Akauwa usiku, mwina kwabwera wakuba, mwina wangoona mphaka wa aneba. Mwini nyumba wanzeru sapitiriza kugona, amadzuka n'kukaunika kukhola. Koma sayambanso kulira mbuzi zake asanaone ngati zabedwa. Adati pali zinthu zambiri zomwe zimakweza CEA popanda khansa: kusuta fodya, matenda a m'mapapo monga chibayo ndi chifuwa chokhalitsa, matenda a chiwindi, kutupa kwa m'matumbo, zilonda za m'mimba, ngakhale matenda a shuga osasamalidwa bwino. Chiwindi ndicho chimachotsa CEA m'magazi, choncho chikafooka pa chifukwa china chilichonse nambala imakwera. Adawonjezera kuti makina a malabu osiyana sapereka nambala yofanana ndendende, n'chifukwa chake ndi bwino kuyezetsa pamalo amodzi nthawi zonse.

Chomwe iwo amayang'ana kwambiri, adatero, ndi kayendedwe ka nambala. Ikakwera kamodzi n'kutsikanso, nthawi zambiri sipakhala vuto. Ikamakwerabe ulendo ndi ulendo, kapena ikadumpha kupyola 10, pamenepo nkhawa imakula. Adatenga cholembera n'kujambula timadontho ta manambala anga papepala, ndendende mmene ndimaphunzitsira magirafu ku Fomu 2. Timadontho tisanu ndi kamodzi tidali pamzere umodzi, kamodzi kali pamwamba pakokha. "Kadontho kamodzi sikapanga mzere," adatero. Mawu amenewo ndakhala ndikuuza ana zaka zonsezi.

Sadandilonjeze kuti zonse zili bwino, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Adanena poyera kuti khansa ya siteji 3 imatha kubwerera, kuti ndidakali m'zaka zomwe imakonda kutero, ndipo kuti 6.8 ikhoza kukhala chizindikiro chake choyamba. Adandipima m'mimba, adamvetsera m'chifuwa, adandilembera mankhwala a chifuwacho ndi kuyeza makhololo, adalamula magazi oona mmene chiwindi chikugwirira ntchito, ndipo CT yomwe ndimayenera kujambulidwa kumapeto a chaka adaibweretsa pafupi. CEA adati ndikabwereze pakatha masabata asanu ndi limodzi, palabu yanga yakale.

Pambuyo pake ndidawerenga modekha, tsopano ndikudziwa chofufuza. Ndidapeza kafukufuku yemwe madokotala a pachipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York adatulutsa mu 2014. Adaunika anthu omwe adachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo ndipo CEA yawo idadzakwera pambuyo pake. Pafupifupi theka la iwo kukwerako sikudali kwa khansa, makamaka omwe nambala yawo idali pakati pa 5 ndi 10. Ndidaphunziranso mbali ina ya nkhaniyi, yomwe ndi yofunika chimodzimodzi. Khansa zina za m'matumbo sizikweza CEA n'komwe, moti munthu akhoza kukhala ndi nambala yabwino nthenda ili mkati. N'chifukwa chake CT ndi kamera sizisiyidwa, ndipo n'chifukwa chake munthu wabwinobwino sangadalire CEA kuti adziwe ngati ali ndi khansa kapena ayi. Woona magazi m'chimbudzi apite akaunikidwe, asathamangire kulabu kukagula nambala.

Pabenchi paja tsiku limenelo ndidakumana ndi bambo wina wa kuchigwa cha Shire yemwe tinkalandira naye kemo nthawi imodzi. Ndidachedwa kumuzindikira. Adali atatha thupi, maso ali achikasu. Adandiuza yekha kuti chaka chatha nambala yake idakwera, adokotala n'kumuuza kuti abwerenso pakatha mwezi. Sadabwere. Adati ndalama yoyendera idavuta, kenako adaonjeza motsitsa mawu kuti ngakhale ikadapezeka sakadabwera, chifukwa ankaopa kumva. Adapita kukayesa za zitsamba, ndipo adabwerera kuchipatala patatha miyezi khumi, mimba itayamba kutupa. Sindingamuweruze. Inenso ndidabisa pepala m'buku la masamu masiku anayi, ndipo kusiyana kwa masiku anayi ndi miyezi khumi kudali mayi a kunyumba okha. Sindikudziwanso ngati kubwera msanga kukadamupulumutsa. Chomwe adokotala adandiuza n'chakuti khansa yobwerera ikapezeka ikadali yaing'ono, pamalo amodzi, nthawi zina imachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo ngakhale pomwe singachotsedwe, mankhwala amagwira bwino munthu akadali ndi mphamvu. Ndicho chifukwa chonse choyezera magazi miyezi itatu iliyonse.

Masabata asanu ndi limodzi aja sadali ophweka, koma adali osiyana ndi masiku khumi oyamba. Ndidali ndi tsiku pakalendala ndi zochita zondifikitsa pa tsikulo. Ndidamwa mankhwala, chifuwa chidatha, ndipo makhololo sadapezeke ndi TB. Ndidauza ahedi zoona zake, iwo n'kundisinthira maola ena. Ndidauza achimwene anga, omwe adathandiza ndalama ya CT. Tidagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti foni izigona pabalaza. Ana a Fomu 4 adalemba mayeso awo, ndipo ine ndidapeza kuti kulima dimba madzulo kumachotsa maganizo kuposa kukhala pampando. Mantha ankabwerabe, makamaka m'bandakucha. Akabwera ndinkadzutsa mnzanga n'kumuuza, iye n'kungoti, "Tsiku lake silidafike, gonani." Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sadanene kuti kudekhako n'kosavuta.

Kumayambiriro a August ndidabwerera palabu yanga yakale, makina atakonzedwa. Ulendo uno envulopu sindidaitsegulire panjira. Ndidaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo tidakaitsegulira limodzi ndi mayi a kunyumba pamaso pa adokotala. Nambala idali 3.9. Magazi a chiwindi adali bwino. CT sidaonetse chotupa kuchiwindi, kumapapo kapena pomwe adalumikiza matumbo.

Mayi a kunyumba adagwetsa misozi, ine ndidangopuma mozama. Adokotala adati akuganiza kuti chidakweza nambala ndi chifuwa chija pamodzi ndi kusintha kwa labu, koma sadafune kutseka nkhani. Adati 3.9 yatsika, komabe ili pamwamba pa manambala anga akale, ndipo CT siona tinthu tating'ono kwambiri. Choncho ndibwerenso mu November. Nambala ikabwerera kwawo, tipitiriza monga kale. Ikakwera, tifufuzanso. Ndidatuluka m'chipindamo wosamangidwa komanso wosamasulidwa kwathunthu, ndipo ndayamba kuvomereza kuti umu ndi mmene zikhalire mpaka zaka zisanu zikwane mu 2028.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akamaliza kemo ndiye kuti wachira basi. Akakuona wanenepa, wabwerera kuntchito, amasiya kufunsa, ndipo sungawadandaule. Sadziwa kuti miyezi itatu iliyonse umakhala ndi sabata yomwe nsima siikoma. Ngati muli ndi m'bale wotere, dziwani tsiku lomwe amakayezetsa. Muimbireni, muperekezeni, musonkhereni yoyendera. Musamuuze kuti asadandaule, chifukwa adandaulabe, kungoti adandaula payekha. Mufunseni kuti adokotala anena chiyani, ndipo akakhala kuti sadaonane nawo, mukokereni kumeneko.

Kwa anzanga a pabenchi, ndili ndi zochepa zomwe ndaphunzira. Lembani manambala anu onse pamalo amodzi, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la labu. Yezetsani pamalo amodzi ngati n'kotheka, ndipo mukasintha, auzeni adokotala. Auzeninso ngati mwadwala chifuwa, malungo kapena m'mimba masiku oyandikira kuyezetsa, komanso ngati mumasuta, chifukwa kubisa kumasokoneza kuwerenga kwa nambalayo. Konzani kuti tsiku lotenga zotsatira liyandikane ndi tsiku loonana ndi adokotala, kuti musakhale ndi pepala m'thumba masiku khumi monga ine. Ndipo nambala ikakwera, bwererani kuchipatala pa tsiku lomwe akuuzani, ngakhale miyendo ikukana.

Ndimalakalaka tsiku lomwe kuyeza kotereku kudzapezeke pazipatala za m'maboma, kuti munthu wa ku Nsanje kapena ku Neno asamasankhe pakati pa thumba la chimanga ndi ulendo wa ku Blantyre. Ine ndili ndi malipiro a pamwezi, ngakhale ochepa, ndi achemwali ku Bangwe. Ambiri omwe ndimakhala nawo pabenchi alibe zonsezi.

Teremu yatsopano yayamba. Sabata yatha ndidabweza mapepala a mayeso oyamba ku Fomu 3, ndipo mnyamata wina yemwe amakhoza bwino adapeza 31 pa 100. Ndidamuona akupinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa mkati mwa buku. Pa nthawi yopuma ndidamuitana, tidakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndidamufunsa chomwe chidachitika. Adati agogo ake adali kuchipatala sabata yonseyo. Ndidamuuza kuti alembanso Lachisanu. Madzulo ake nditafika kunyumba ndidatenga kabuku kanga, n'kuyang'ana tsamba lomaliza. Pansi pa 6.8 pali 3.9, ndipo pansi pake ndajambula kale mzere wa November.